Kukonzekeretsa boti laling'ono la matanga pa mpikisano wa mtunda wautali pa Nyanja ya Malawi

Ena mwa amene amalowa mpikisano wa maboti a matanga koyamba amabwerera kumtunda tsiku loyamba kapena lachiwiri, ndipo chowabweza nthawi zambiri chimakhala kachitsulo kakang'ono kamene sanakayang'ane boti lidakali pamtunda. Ife okhala ku Zomba vutoli limatikulira, chifukwa boti limatha miyezi yambiri litakhala kuseri kwa nyumba, likumenyedwa ndi dzuwa ndi mvula ya m'tsinde mwa phiri, pamene nyanja yaikulu ili pa mtunda wa makilomita oposa 120. Malangizowa ndi a boti la matupi awiri lotchedwa catamaran, la mtundu wa Hobie 16 kapena lofanana nalo, lotalika pafupifupi mamita 5 ndipo loyendetsedwa ndi anthu awiri. Ndi maboti otere amene amapikisana pa Lake Malawi Sailing Marathon, ulendo wa masiku angapo wochokera kummwera kwa nyanja kulowera kumpoto m'nyengo ya mwera. Madzi ake ndi opanda mchere, koma nyanjayi ndi yotalika makilomita oposa 550 ndipo penapake ndi yakuya pafupifupi mamita 700, choncho boti liyenera kukonzedwa ngati likupita panyanja ya mchere.

Zida ndi zipangizo zofunika

- Masipanala, pulayasi, sikuludiraiva, dirilo ndi mfuti yomenyera marivet
- Epoxy (guluu wolimba wokonzera maboti), nsalu ya fibreglass, sandipepa wokhakhala ndi wosalala, magolovesi ndi chotchinga kumphuno
- Mabawuti, mapini ndi mphete zake, zokolowekera zotchedwa shackle, zonse za chitsulo chosachita dzimbiri cha nambala 316
- Maginito ang'onoang'ono, nsanza yoyera, sopo wamadzi, siponji ndi tepi yomatira
- Singano ndi ulusi wosokera matanga, pamodzi ndi nsalu yomata yozigambira
- Zingwe zatsopano, kuphatikizapo chodzutsira boti likagubuduka ndi chokokera cha mamita osachepera 15
- Majekete oyandamitsa munthu pamadzi, wenzulo, mpeni, tochi, kalilole kakang'ono ndi bokosi la mankhwala
- Kampasi, GPS, wailesi yam'manja ya VHF, foni ndi thumba losalowa madzi
- Nkhafi, nangula wamng'ono ndi zigubu za madzi akumwa
- Ngolo yokokera boti, tayala lapadera, jeke, girizi, malamba omangira ndi nsalu yofiira
- Kope lolembamo ntchito iliyonse ndi ndalama iliyonse

1. Yambani ndi mapepala a mpikisano

Pemphani kwa okonza mpikisano chikalata cholengeza mpikisanowo, chimene pa Chingerezi chimatchedwa Notice of Race, ndipo muchiwerenge musanagule kanthu kalikonse. M'menemo ndi mmene muli mitundu ya maboti yololedwa, tsiku lomaliza kulembetsa, zida zopulumutsira moyo zimene adzakufunsani pa tsiku loyendera maboti, ndiponso nkhani ya inshulansi. Mipikisano yotere imayendera malamulo a bungwe la World Sailing, amene amaunikidwanso zaka 4 zilizonse, kotero onetsetsani kuti buku limene muli nalo ndi la nyengo ino. Funsaninso ku nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi ngati mapepala a boti lanu ali m'malo mwake. Zonsezi zichitike mu Febuluwale kapena Malichi, chifukwa zitsulo zambiri za maboti amenewa zimachita kuitanitsidwa kuchokera ku South Africa ndipo zimatenga nthawi kuti zifike.

Chenjezo: kalasi iliyonse ya maboti ili ndi malamulo ake pa kukula kwa matanga ndi kulemera kwa oyendetsa. Pa Hobie 16 anthu awiriwo ayenera kulemera makilogalamu 129 kapena kuposerapo akaphatikizidwa. Musasinthe chilichonse pa boti musanatsimikize kuti nchololedwa.

2. Mangani mgwirizano ndi okuthandizani

Mukamakapempha thandizo la ndalama ku kampani, musapite ndi pakamwa pokha. Lembani bajeti ya tsamba limodzi yoonetsa ndalama zolembetsera, zokonzera boti, zida zodzitetezera, mafuta a galimoto yotsatira boti pamtunda, chakudya ndi malo ogona, kenako tsamba lina lofotokoza zimene kampaniyo idzapeze: dzina lake pa boti ndi pa zovala, zithunzi za tsiku lililonse, ndi lipoti mpikisano ukatha. Pobwerera kuchokera ku zokambirana mukhale ndi pepala losainidwa ndi mbali zonse ziwiri, lonena kuchuluka kwa ndalama, tsiku limene zidzaperekedwe, ndi chimene chidzachitike ngati boti lawonongeka kapena mpikisano walephereka.

Pali mfundo imodzi imene ine sindilola kuti isowe mu mgwirizano wotere. Malamulo a mpikisano amanena momveka kuti chisankho chonyamuka kapena kupitiriza ulendo chili m'manja mwa oyendetsa boti okha. Mawu amenewa alembedwenso mu mgwirizano wanu, chifukwa munthu amene walandira ndalama za eni ake amachita manyazi kukhala pagombe anzake akunyamuka, ndipo manyazi otero amamulowetsa m'mafunde amene sakanalowamo akanakhala kuti ndalamazo ndi zake. Wothandiza wanzeru amamvetsa mukamufotokozera kuti dzina la kampani yake silipindula ndi boti lomira.

Ndalama zikafika, yambani ndi mawaya a mlongoti ndi zida zopulumutsira moyo. Malaya ndi masitika zibwere pomaliza. Sungani lisiti lililonse.

3. Fufuzani matupi a boti

Tsukani boti lonse ndi sopo, mulisiye liume, kenako muyende pang'onopang'ono mukukanikiza ndi chikhatho pamwamba pa thupi lililonse. Pamene pakubonyoka kapena kulira ngati mbatata youma ndiye kuti fibreglass yalekana ndi zam'kati mwake. Malo otere amapezeka kawirikawiri kutsogolo kwa mizati imene imanyamula chinsalu chokhalapo anthu, ndipo ndi oopsa chifukwa ndi pomwe thupi limathyokera mafunde akakula. Malo aang'ono amakonzeka pobowola timabowo tosapyoza mkati ndi kuthiramo epoxy, koma ngati kubonyokako kwafalikira kuposa mkono wanu, funani thupi lina.

Kuti mudziwe polowera madzi, pakani thovu la sopo m'mphepete monse mmene chivundikiro chikumana ndi thupi, pa mabawuti a tsigiro ndi pansi pamene pamakhudza mchenga, ndipo mnzanu auzire mpweya ndi pakamwa kudzera pabowo lotulutsira madzi. Pamene patuluke tinthubwinthubwi ikanipo chizindikiro ndi pensulo. Onaninso pansi pa thupi lililonse, chifukwa kukokera boti pamchenga kumadya fibreglass mpaka kutsala kachikopa kopyapyala, ndipo pa mpikisano wa masiku ambiri mudzalikoka kawiri pa tsiku. Onjezerani mizere iwiri ya nsalu ya fibreglass pamenepo.

Chenjezo: musagwiritse ntchito makina opopera matayala poyesa mpweya, chifukwa mphamvu yake imatha kung'amba thupi la boti pamsoko. Komanso epoxy sauma bwino kukazizira kufika pansi pa madigiri 15 kapena kukachita chinyezi, ndipo ku Zomba chiperoni chikayamba mu Juni mukhoza kudikira masiku angapo osapeza tsiku labwino. Ntchito ya epoxy ithe mu Epulo kapena Meyi, ndipo muziigwira masana dzuwa litakwera.

4. Mlongoti ndi mawaya ake

Pa ntchito yonse, apa ndi pamene muyenera kutayapo nthawi yambiri. Mlongoti wa boti lotere ndi wotalika pafupifupi mamita 8, ndipo umaimirira chifukwa cha mawaya atatu okha, awiri m'mbali ndi mmodzi kutsogolo. Mmodzi akaduka, zonse zimagwera m'madzi nthawi yomweyo.

Gonekani mlongoti pa mipando iwiri. Tengani nsanza yoyera, muikulunge pa waya, ndipo muikoke kuchokera kumapeto kufika kumapeto ena. Ikakodwa penapake, ndiye kuti kachingwe kamodzi ka wayayo kaduka, ndipo wayayo watha ntchito ngakhale akuoneka wonyezimira. Yang'anitsitsani pamene waya akulowa m'chitsulo chomufinya, chifukwa madzi amaima pamenepo ndipo dzimbiri limayambira mkati mosaoneka. Kachizindikiro kofiirira kapena kamng'alu kakang'ono ngati tsitsi nkokwanira kuti mutaye wayayo. Ngati simukudziwa zaka zimene mawaya a boti lanu akhala akugwira ntchito, sinthani onse, ndipo akalewo amene akuonekabe abwino muwasunge m'galimoto ngati apadera.

Kenako onani marivet onse. Pamene chitsulo chosachita dzimbiri chakhudzana ndi aluminiyamu pamatuluka ufa woyera, ndipo ufawo ukutanthauza kuti aluminiyamuyo akudyeka. Gwedezani chitsulo chimene mawaya amakolekedwapo pamwamba pa mlongoti, ndipo chikasuntha ngakhale pang'ono, bowolani marivet akalewo nkumenya atsopano. Bawuti kapena pini iliyonse imene mwagula mumsika muiyandikize ku maginito. Ikakakamira mwamphamvu ndiye kuti si chitsulo choyenera, ngakhale wogulitsa atalumbira.

Zimenezi ndinaziphunzira movutika. Chaka china ndinagula pini pa sitolo ina ya zitsulo, yooneka bwino ndithu, ndipo mphete yake sindinaikulunge ndi tepi. Tili pakati pa madzi, gombe likuoneka ngati kamzere chabe, chingwe cha thanga laling'ono chinakola mpheteyo nkuiwongola. Ndinaona pini ikutuluka pang'onopang'ono m'bowo lake, mutu wake utachita kale dzimbiri, ndipo mnzanga anaikankhira m'malo ndi chala chachikulu pamene ine ndinkatembenuza boti kuti wayayo akhwefuke. Tinaimanga ndi kawaya ka pa chigubu cha madzi mpaka tinafika kumtunda. Kuyambira tsiku limenelo mphete iliyonse pa boti langa imakulungidwa ndi tepi, ndipo shackle iliyonse imamangidwa ndi pulayasi nkutsekedwa ndi kawaya.

Pomaliza yesani ngati mlongoti sulowa madzi. Umizeni m'dziwe kapena muupake thovu monga munachitira ndi matupi, ndipo pamene pakutuluka mpweya mutsekepo. Mlongoti wodzaza madzi umamira boti likagubuduka, boti nkutembenuka chadodolido, ndipo anthu awiri amavutika kwambiri kulidzutsa lili choncho.

Chenjezo: musanaimike mlongoti pabwalo la nyumba kapena pagombe, kwezani maso muone ngati pali mawaya a magetsi. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi, ndipo ngozi imeneyi yapha amalinyero m'maiko ambiri.

5. Matsigiro

Gwirani nsonga ya tsigiro lililonse ndi kuligwedeza. Likamasewera, sinthani pini yake kapena timapulasitiki ta m'mabowo. Yesani kangapo chitsulo chimene chimatseka tsigiro likatsitsidwa: chiyenera kuligwira mwamphamvu poyenda, koma kulimasula likagunda mchenga kapena ukonde. Pimani mtunda wa pakati pa matsigiro awiriwo kutsogolo ndi kumbuyo kwake, ndipo miyeso iwiriyo ikhale pafupifupi yofanana. Nyamulani tsigiro limodzi lapadera m'galimoto ndi pini yapadera pa boti.

6. Matanga, zingwe ndi masitika

Yalani thanga pa kapinga, kenako mulikweze moyang'anitsa kudzuwa kuti muone timabowo ndi malo amene nsalu yapyapyala. Palani misoko ndi chikhadabo. Ulusi ukamaduka mosavuta ndiye kuti dzuwa laupsereza, ndipo msoko wonsewo uyenera kusokedwanso. Telala wosoka matenti kapena mipando ya galimoto akhoza kugwira ntchitoyi, koma mumupatse ulusi wanu wa polyester, chifukwa wa thonje umaola msanga. Tulutsani timitengo tolimbitsa thanga timodzitimodzi, muone ngati tang'aluka, ndipo matumba ake muwasokenso kumapeto. Chingwe chilichonse chimene chayamba ubweya kapena chauma gwa chichotsedwe. Chinsalu chokhalapo anthu chikungidwe kolimba, chifukwa chikakhwefuka boti lonse limapindika pa mafunde.

Masitika a okuthandizani amatidwe ntchito zina zonse zitatha. Okonza mpikisano amakhala ndi ufulu wosunga mbali yakutsogolo ya matupi a boti kuti aikepo dzina la kampani yothandiza mpikisano wonse, choncho musalonjeze malo amenewo kwa wina musanafunse. Nambala ya pa thanga isaphimbidwe, chifukwa ndi imene oweruza ndi opulumutsa anthu amakudziwirani. Pomata, pukutani malowo ndi spirit, wazanipo madzi a sopo pang'ono, ikani sitika, ndipo mufinye madziwo ndi khadi lapulasitiki kuchokera pakati kupita m'mbali. Dulani ngodya zake kuti zikhale zozungulira, ndipo papite masiku awiri boti lisanalowe m'madzi.

7. Zida zopulumutsira moyo

Lamulo lake ndi lakuti chimene chingakupulumutseni chikhale pathupi panu, chifukwa ngozi yaikulu pa boti lotere ndi kulekana nalo. M'thumba la jekete la munthu aliyense mukhale wenzulo, mpeni womangiriridwa ndi kachingwe, tochi yaing'ono ndi kalilole kowalitsira dzuwa. Wailesi ya VHF ikhale pa mmodzi ndipo foni ikhale pa mnzake. Tchanelo 16 ndiyo yoitanira chithandizo padziko lonse, koma funsani okonza mpikisano tchanelo imene maboti awo opulumutsa anthu adzakhale akumvera. Foni yokha musaidalire, popeza netiweki imasowa mukatalikira gombe. Zonse zikathima, chizindikiro chodziwika cha munthu amene ali pamavuto ndi kukweza ndi kutsitsa mikono yotambasula pang'onopang'ono mobwerezabwereza.

Valani jekete, mulowe nayo m'madzi, ndipo mnzanu aikoke pamapewa. Ikakwera kufika m'makutu ndiye kuti yakula. Ambiri amaiwala za kuzizira poganiza kuti kunyanja nkotentha, koma munthu wonyowa amene wakhala maola 6 pamphepo ya Julaye amanjenjemera mpaka kulephera kumanga mfundo. Pezani chovala chotchinga mphepo ndi madzi, chipewa chomangirira, magolovesi ndi mafuta oteteza khungu kudzuwa. Madzi akumwa akhale malita atatu kapena kuposerapo pa munthu aliyense pa tsiku, m'zigubu zomangiriridwa ku boti.

8. Yesani boti pamadzi, ndipo muligubuduze mwadala

Kuyesa koyamba kukhoza kuchitikira pafupi, pa Nyanja ya Chilwa, kudzera padoko la Kachulu lomwe lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda. Nyanjayi ndi yosaya ndipo madzi ake amasinthasintha kwambiri, moti inaphwa mu 1995 ndipo inatsala pang'ono kutheratu mu 2018, choncho musanatsitse boti pitani kaye kwa akuluakulu a padoko, muwapatse moni, ndipo mufunse kuti, "Bambo, madzi afika pati chaka chino, nanga maukonde atchera mbali iti?" Iwo ndi amene amadziwa njira yodutsa m'mabango kulowera ku chilumba cha Chisi. Yendani maola awiri, mutulutse boti, mutsegule zotsekera mabowo otulutsira madzi ndi kuona madzi amene atuluke. Kapu imodzi si nkhani, koma ndowa ikutanthauza kuti mubwerere ku gawo lachitatu. Mukachoka pa Chilwa tsukani boti, matanga ndi ngolo ndi madzi abwino, chifukwa nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ili ndi kamchere, komanso kuti musanyamule zomera monga namasupuni kupita nazo kunyanja ina.

Chilwa sangakuphunzitseni mafunde a mwera, ndipo si malo ogubuduzirapo boti chifukwa nsonga ya mlongoti ikhoza kuzika m'matope. Konzani maulendo osachepera awiri opita ku Mangochi kapena ku Cape Maclear mpikisano usanafike, ndipo kumeneko, pamadzi akuya, boti la injini lili pambali, gubuduzani boti lanu mwadala. Likagona chammbali, choyamba gwirani boti ndipo muitane mnzanu kuti mudziwe kuti ali bwino. Masulani zingwe za matanga onse awiri, chifukwa thanga lomangika limatunga madzi, ndipo boti likadzuka lili choncho limathawa lokha. Kwerani pa thupi limene lili m'madzi, tembenuzani boti mpaka mphepo izilowa pakati pa mphuno zake ndi mlongoti, ponyani chingwe chodzutsira pamwamba pa thupi lam'mwamba, ndipo nonse awiri mutsamire kumbuyo mawondo atawongoka. Likamadzuka, gwirani mtanda wakutsogolo kuti lisapitirire kugwera mbali inayo. Bwerezani mpaka muzitha kuchita zimenezi mosakambirana. Ngati nonse ndinu opepuka ndipo boti likukana kudzuka, nyamulani thumba lotungira madzi loti muzikoleka paphewa kuti likuwonjezereni kulemera.

Chenjezo: musasiye boti kuti musambire kupita kumtunda, ngakhale gombe likuoneka pafupi. Boti logona chammbali limakankhidwa ndi mphepo mofulumira kuposa mmene munthu angasambirire, ndipo opulumutsa amaona boti msanga kusiyana ndi mutu wa munthu pakati pa mafunde.

9. Phunzirani njira ndi mphepo

Mwera umachokera kummwera chakum'mawa ndipo umawomba motsata kutalika kwa nyanja, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Chifukwa cha ichi mafunde amakula pamene mukupita kumpoto, ndipo amene munawaona ku Mangochi ndi aang'ono poyerekeza ndi a kufupi ndi Nkhotakota kapena Chintheche, omwe amatha kutalika kuposa munthu. Popeza mphepoyo imakhala ikuchokera kumbuyo, choopsa chachikulu ndi chakuti mphuno za boti zimazika m'funde lakutsogolo, boti nkugwa chamutu. Nonse awiri khalani kumbuyo kwenikweni, maso pa mphuno ya thupi la mbali imene mphepo ikupita, ndipo ikayamba kumira masulani thanga msanga.

Lembani mu GPS malo onse oyambira ndi othera gawo lililonse, komanso magombe amchenga a pakati pomwe mungathawire zinthu zikavuta, ndipo zomwezo muzilembenso pa pepala lokutidwa ndi pulasitiki pamodzi ndi madigiri a kampasi. Liwiro la mphepo panyanja limanenedwa m'ma knot, ndipo knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola. Gwirizanani ndi mnzanu mudakali ku Zomba za malire a mphepo imene simudzanyamuka nayo. Mverani machenjezo a mwera amene nthambi yoona za nyengo imalengeza pa wailesi. Pewani kukocheza pamathiriro a mitsinje monga Linthipe, Bua ndi Dwangwa chifukwa cha ng'ona ndi mvuu. Mabotolo apulasitiki oyandama mondondozana ndi chizindikiro cha ukonde, ndipo muuzungulire, chifukwa ukondewo ndi chuma cha banja la munthu. Pa malamulo a kupatukirana, losaiwalika ndi lakuti boti limene mphepo ikulifika kuchokera kumanzere lipatukire limene ikulifika kuchokera kumanja. Malamulo omwewo amakulamulani kusiya mpikisano ndi kuthandiza aliyense amene ali pangozi.

10. Ulendo wa pamsewu

Maboti ambiri amawonongekera pa ngolo. Sabata imodzi musananyamuke, kwezani ngolo ndi jeke, zunguzani tayala lililonse ndi kumvetsera. Likamalira, sinthani mabering'i ndi kuthira girizi watsopano. Mangani thupi lililonse ndi malamba awiri, muike kapeti kapena siponji pamene lamba akukhudza boti, ndipo musakoke lamba mpaka fibreglass kubonyoka. Mlongoti umangidwe malo awiri, nsalu yofiira ili kumapeto kwake. Matsigiro ndi matanga alowe m'galimoto. Boti lotere ndi lotambalala pafupifupi mamita 2.4, kotero pa msewu wa M3 wodutsa ku Liwonde kupita ku Mangochi yendani masana, mosathamanga, mukukumbukira anthu a njinga m'mbali. Imani mukayenda makilomita 20 oyamba kuti mukungenso malamba ndi kukhudza pakati pa matayala ngati patentha. Mapepala a ngolo ndi a boti akhale pafupi chifukwa adzafunika pa malo ofufuzira galimoto. Mukafika, musalowetse ngolo m'madzi mabering'i adakali otentha, chifukwa amayamwa madzi akamazizira.

11. M'mawa uliwonse wa mpikisano

Tsegulani zotsekera, tulutsani madzi, ndipo muzitsekenso, wina atseke ndipo mnzake atsimikize ndi dzanja lake. Yendani mozungulira boti mukukhudza pini iliyonse, shackle iliyonse ndi mfundo iliyonse. Yatsani wailesi muyankhulane ndi boti lopulumutsa anthu. Uzani woyendetsa galimoto yanu nthawi imene mukuyembekezera kufika ndi amene awaimbire mukachedwa. Madzulo mukafika, konzani chowonongeka musanadye, tchajani mabatire, tumizani zithunzi kwa okuthandizani, ndipo mugone m'neti.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chofala kwambiri ndi kubweretsa chinthu chatsopano pa tsiku la mpikisano. Thanga latsopano, chingwe chatsopano, ngakhale nsapato zatsopano, zonse ziyenera kuyesedwa kaye pamadzi, chifukwa mawaya atsopano amatamuka pang'ono akangoyamba ntchito ndipo chingwe chatsopano chimaterera m'manja ndi m'zogwirira zake. Masabata awiri omaliza akhale ongoyendetsa boti, osasinthanso kanthu.

Chachiwiri ndi kusankha mnzanu woyenda naye chifukwa cha ubale kapena chifukwa choti wothandiza wapempha kuti wantchito wake akwere nawo. Munthu amene sanagubuduzepo boti pamodzi nanu asakwere pa mpikisano. Ngati kampani ikufuna kuti anthu ake alawe ulendo wa pamadzi, akonzereni tsiku lawo pamalo odekha, atavala majekete.

Ena amadzaza boti ndi katundu poopa kusowa kanthu, mpaka limalemera kumbuyo nkumakoka madzi. Pa boti pakhale zokhazo zimene zingakufikitseni kumtunda, monga mapini, shackle ziwiri, pulayasi, tepi, kachingwe ndi nsalu yomata, ndipo zotsalazo ziyende pa galimoto. Enanso amamangirira zida zopulumutsira moyo pamalo amene amamira boti likagubuduka, kapena amazitsekera m'thumba lomangidwa mfundo zambiri zimene zala zozizira sizingamasule.

Pofika pagombe la mafunde ambiri amaiwala kumasula matsigiro, ndipo amathyoka akagunda mchenga boti litakwera funde. Masulani zitsulo zotsekera matsigirowo mudakali patali, sankhani funde limodzi, muyende kumbuyo kwake, ndipo mukangofika tsikirani mbali yakunyanja kapena m'mbali mwa boti, osati kutsogolo kwake kumene funde lotsatira lingakukankhireni boti pamiyendo.

Chomaliza chimachitika mpikisano utatha. Anthu amabwerera ku Zomba atatopa, boti nkulisiya pa ngolo matanga ali onyowa m'thumba, ndipo wothandiza samvanso kanthu mpaka chaka chotsatira pamene akufunanso ndalama. Pasanathe masabata awiri, pititsani lipoti, zithunzi ndi makope a malisiti ku kampaniyo, ngakhale mutakhala kuti simunamalize mpikisano, ndipo mufotokoze chimene chinachitika mosabisa. Yanikani matanga pamthunzi, tsegulani zotsekera kuti matupi apume, vundikirani boti, ndipo lembani m'kope tsiku limene waya aliyense anaikidwa. Patapita miyezi iwiri kapena itatu, inu ndi mnzanu mupite kuchipatala mukayezetse likodzo.